Kiyi wa Nyumba ya Nanay Leonora

Kalekale, koma osati kale la makolo, pakuti mafoni anali atafika kale, pa chilumba china m'dziko la Philippines panali mayi wamasiye dzina lake Leonora. Ana awo ankawaitana kuti Nanay, ndiko kuti amayi m'chinenero chawo.

Anthu a kumeneko chibale sasewera nacho. Chaka chilichonse banja lonse limasonkhana pa malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, kuwotcha nkhumba yathunthu ndi kuimba mpaka mawu kusasa. Aliyense, kuyambira nkhalamba mpaka khanda, amavala malaya a mtundu umodzi olembedwa dzina lake kumsana. Kwa a Leonora ankasoketsanso malaya a malemu bambo, n'kuwaveka mpando wopanda munthu kumutu kwa tebulo, ndipo palibe amene ankayerekeza kuwakhudza.

Nanay anali ndi ana anayi. Woyamba, Renato, anachoka pakhomo atakangana ndi bambo ake chifukwa cha mkazi amene anamukwatira. Bambowo atamwalira, manyazi anamugwira, osabwera kumaliro. Kenako anachita manyazi kuti sanabwere kumaliro. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zinatha, munthu ali zii.

Atatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, Nanay anaitana ana atatu otsalawo, wina pa foni, nati, "Maso anga akuchita mdima. Amene andibweretsere Renato pa mkumano wa chaka chino, kuti ndimugwire dzanja ndisanafe, kiyi wa nyumba ino ndi wake." Inali nyumba yamatabwa yomangidwa ndi bambo awo, ndipo musanamizidwe, onse atatu ankaifuna.

Marisol, wachiwiri kubadwa, anali namwino ku Dubai. Iye anafunsa aliyense wa kwawo amene anakumana naye, kutchalitchi, kumsika ngakhale m'chipatala, kwa miyezi isanu. Tsiku lina wodwala wina wogwira ntchito m'sitima za pamadzi anati akudziwa makaniko wa chipsera pakhutu ngati cha Renato, wokonza injini za mabasi pa chilumba chakutali kumwera. Marisol anapeza nambala. Anaimba katatu, ndipo katatu konse Renato anadula foni atangomva mawu ake. Kachinayi Marisol sanalankhule. Anangomuyatsira mawu amene anajambula, a Nanay akuimba kanyimbo kawo kotsukira mbale. Kanyimboko katatha, Renato anati, "Ndibwera."

Tsiku la mkumano litafika, nyanja inakalipa. Sitima zonyamula anthu zinaimitsidwa, Renato n'kutsala padoko kutsidya. Anatumiza uthenga woti, "Mwina Mulungu sakufuna." Dionisio, mwana wachitatu, anali msodzi wosadziwa kulankhula zambiri. Anakankhira m'madzi bwato lake lochirikizidwa ndi nsungwi mbali zonse, mkazi wake akumukalipira kumtunda. Atafika kutsidya anati, "Kuya," ndiko kuti achimwene, "kwerani. Za Mulungu tikamufunsa tikawoloka." Pobwerera nsungwi imodzi inathyoka, ndipo Dionisio anaigwira ndi chingwe mpaka zikhatho kuchucha magazi. Anafika amoyo dzuwa lili paliwombo.

Tsono mverani za Luningning, chitsiriza, amene sanakwatiwe chifukwa chosamalira Nanay. Iye ndiye ankasoketsa malaya chaka ndi chaka, ndipo chaka chimenechi anangopereka kwa telala maina omwewo a chaka chatha. La Renato munalibe. Dionisio akukamangitsa mabala ake, Renato anafika yekha pachipata, n'kuona anthu makumi asanu ndi limodzi onse ali m'malaya achikasu, iye yekha ali m'shati yakuda yonyowa. Mlonda anamuyang'ana nati, "Pepani bambo, lero malo ano ndi a banja lokhalokha." Renato anatembenuka n'kuyamba kubwerera kudoko, misozi ili m'maso.

Luningning anamuonera patali, n'kuzindikira chimene analakwa. Sanafunse munthu. Anavula mpando uja malaya a malemu, azakhali onse akukuwa, n'kuthamanga wopanda nsapato pa mchenga wotentha mpaka kumupeza.

"Awa ndi a bambo amene anandithamangitsa," anatero Renato. "Sindingavale."

"Mpando sumva kuzizira, Kuya," anatero Luningning. "Inu mukunjenjemera. Valani, Nanay akudikira."

Anavala. Analowa, anthu akumupatukira, n'kukawerama pamaso pa Nanay. Anatenga dzanja lawo n'kuliika pamphumi pake, monga amachitira mwana wa kumeneko popempha dalitso kwa wamkulu. Nanay anamupapasa nkhope, anapeza chipsera chija, kenako anapapasa zilembo za kumsana n'kuzindikira kuti ndi malaya a ndani. "Wachedwa, mwanawe," anatero, akulira ndi chimwemwe. "Nkhumba yayamba kuzizira." Zoona, chibale ndi fupa, sichiwola.

Koma walira mvula walira matope. Nkhumba isanathe, nkhani ya kiyi inabuka.

Marisol, amene anabwera ku mkumanowo kuchokera ku Dubai, anati, "Ine ndikanapanda kumupeza, inu mukanawolotsa ndani? Mukanaveka ndani?"

Dionisio anakweza manja ake omangidwa nsalu nati, "Foni siwolotsa munthu panyanja. Ndipo Luningning asalankhule n'komwe. Wozimitsa moto umene wauyatsa yekha amalipidwa?"

Luningning anati, "Kuiwala ndinaiwaladi, sindikana. Koma Nanay sananene kuti amene andifikitsire Renato pachipata. Inu munamusiya pachipata, iye n'kubwerera. Amene anamuika m'manja mwawo ndine, ndipo azakhali mpaka pano sakundilankhula chifukwa cha malaya aja."

Abale anagawanika, ena uku, ena uko, mpaka oimba analeka kuimba. Anafunsa Renato, koma iye anangoti, "Ine ndilibe pakamwa pa nyumba imene ndinaithawa." Nanay anakhala pampando, dzanja lina litagwira mwana wawo mosafuna kumutaya, lina litafumbata kiyi. Nyumba ndi imodzi, kiyi ndi mmodzi, ndipo lonjezo linali la munthu mmodzi.

Ine yanga mbali ndili nayo, koma sindikuuzani, mungati ndakunyengererani. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, tauzani Nanay Leonora: kiyiyu amupatse Marisol amene anamupeza m'baleyo n'kufewetsa mtima wake, Dionisio amene anaika moyo pachiswe kuti amuwolotse, kapena Luningning amene anamuiwala, koma n'kumuthamangira pamene anali atatayika kachiwiri?