Kalulu Wotsala wa Msosa

Kalekale, ku Bangwe nyumba zisanathithikane ngati lero, kunali bambo wina dzina lake Msosa. Kapoloti kake kanali kakang'ono, koma kuseri kwa bafa anaimikako khola la akalulu. Mkazi wake, Najere, ndiye ankawamwetera udzu ndi kuwatolera masamba a kabichi kumsika.

Oweta akalulu amadziwa kuti wamkazi ndiye amapita kukhola la wamphongo, wamphongo sachoka pakwawo. Koma Msosa anachonderera Mayi Kachale, oyandikana nawo, mpaka anamubwereka wamphongo wawo yekhayo, woyera, wonona. "Masiku atatu okha, a Msosa," anatero mayiwo.

Tsiku lachitatu masana, Najere ali kumsika, kunabwera anzake akumowa. Kachasu anafuna nyama. Wamphongo uja anathera pamakala, chikopa chinaponyedwa m'chimbudzi.

Mowa utamuthera, Msosa anakuwa kuti galu walowa m'khola. Galu wa yani? Wa a Likongwe, akalipentala. Ana a Mayi Kachale anamugenda galuyo mpaka kufa. Nanga anasiya khola losatseka ndani? Najere. Msosa anamumenya anthu akuona, kuti bodza lilimbe, ndipo ukwati unathera pomwepo.

Panapita zaka zisanu. Miyendo ya Msosa inayamba kutupa, abale anati abwerere kumudzi. Matenda a akalulu anali atasesa khola, n'kutsala wamkazi mmodzi, woyera, mdzukulu wa wamphongo uja. Msosa sankakhazikika. Akakhala pampando, wanyamuka. Akafika pakhola, wabwerera. Kutatsala tsiku limodzi kuti lole yomutenga ibwere, anaitana Mayi Kachale, a Likongwe ndi Najere. Anakhala motalikirana, chifukwa chiyambire tsiku lija sankapatsana moni.

"Kunalibe galu," anatero Msosa, maso ali pansi. "Galuyo ndinali ine. Wamphongo uja ndinamuwotcha ndekha, ndinamudya. Chomwe ndatsala nacho ndi kalulu uyu. Kumudzi sindipita naye, ndikamuona ndimamva fungo la makala aja. Mmodzi wa inu amutenge."

Mayi Kachale anaomba m'manja. "Zoona, a Msosa? Munkandipepesa mafuta ali pamlomo? Mbewuyi ndi yanga, taonani ubweyawo. Wamphongo atapita, palibe anandibwerekanso wina, ati ndine wosasamala. Aakazi anga anakalamba osabereka, khola ndinasonkhera moto."

A Likongwe anaseka mowawidwa. "Mayi, wanuyo anafa imfa ya kalulu, anabadwira mpeni. Galu wanga Lekeleni anafera nyama yomwe sanainunkhize n'komwe, ndipo miyala yake inachokera kwanu. Iye atafa, akuba anandikokolola macheka ndi zopalira zonse. Kuweta akalulu sindikudziwa, koma khola mukulionali anakhoma ndani?"

Najere polankhula anatembenuzira mutu mbali imodzi. "Munenenso, a Likongwe, khutu ili silimva chiyambire tsiku lija. Ine ndinalibe kalulu, ndinalibe galu. Ndinali ndi banja ndi dzina. Mpaka lero kumsika amanditcha Nakusatseka. Ndimakhala chipinda chimodzi cha lendi, pomuika ndilibe. Koma agogo aakazi a kaluluyu anakula ndi udzu wa manja awa."

Msosa anaimirira, anakhalanso, thukuta lili kamukamu. "Bwanji ndimuphe mugawane?"

"Mpeni womwewo?" anatero Najere. "Simunakhute?"

"Basi mmodzi amusunge, akabereka mugawane ana."

"Ndisunge ine, ana adye awa?" anatero Mayi Kachale.

"Ine pakhomo pa ogenda agalu sindipondapo," anayankha a Likongwe.

Dzuwa linapendeka atatuwo asanagwirizane. Katundu anali atamangidwa kale, lole inali kubwera m'mawa, kalulu ali phee m'khola, kutafuna tsamba la mbatata. Msosa anatsegula chitseko, anamunyamula, n'kutembenuka ali naye m'manja.

Tsono inu mwamva mlanduwu, mutithandize. Kaluluyu apite kwa yani: kwa mwini mbewu amene ana ake anapha galu wosalakwa, kwa mwini galu amene sadziwa kuweta, kapena kwa mkazi amene anataya khutu ndi banja koma alibe pomusunga?