Chithunzi cha kuseri kwa wadirobu

Panali munthu wina mumzinda wa Zomba, mphunzitsi wopuma pantchito, dzina lawo a Matekenya. Anzawo atapuma anayamba kuweta nkhumba, ena kulima mbatata. Iwo chawo chinali kusonkhanitsa zithunzi zojambula pamanja. Anali nazo khumi ndi zinayi, koma chapamtima chinali chimodzi, chojambulidwa ndi mayi wina wa ku Chirimba, Mai Chiwalo.

Pachithunzipo panali mzimayi wodikira basi m'mawa, dengu lili pansi, dzanja lili m'chiuno. Kaimidwe kake kankawakumbutsa malemu akazi awo. Anachipachika pabalaza, pafupi ndi khomo la kukhitchini, kuti azichiona akamamwa tiyi. Anzawo okonda zithunzi ankachoka kutali kudzachiona. Ankati Mai Chiwalo anasiya kujambula mwa mtundu umenewu, ndipo chonga ichi sichidzapezekanso.

Zaka zinapita. Utsi wa kukhitchini unachidetsa chithunzi chija. Tsiku lina a Matekenya anati achiyeretse. Anatenga kansalu, madzi ndi sopo wochapira, nayamba kupukuta. Poona kuti litsiro likukanika, anathirako parafini. Atachotsa dzanja, nkhope ya mzimayi uja inali itafufutika.

Anakhala pansi. Kenaka anakumbukira kachitini ka penti yotsala popaka chitseko. Anayesa kubwezeretsa maso ndi mphuno. Chimene chinatuluka sichinali nkhope ya munthu. Anachotsa chithunzicho pakhoma nachilowetsa kuseri kwa wadirobu.

Alendo akafunsa, ankati chapita kokakonzetsa felemu. Patapita miyezi anasiya kuitana alendo. Mai Chiwalo akaimba foni kuwapatsa moni, monga ankachitira ndi onse osunga ntchito zawo, a Matekenya ankangoiyang'ana mpaka isiye kulira. Povala m'mawa ankafulatira wadirobu ija. Zinatero kwa zaka ziwiri.

Ndiye kunabwera kalata. Mai Chiwalo ankakonza chionetsero cha ntchito zawo zonse za zaka makumi atatu, ndipo ankapempha kubwereka mzimayi wodikira basi uja. Analemba kuti popanda chimenecho chionetsero chikhala choperewera.

A Matekenya anaganiza zonena kuti chinabedwa. Bodzalo analikonza bwino, ndi tsiku lake lomwe. Koma ali mkati moganiza anaona Nabanda akukolopa pakhonde. Ameneyu anali mayi amene anawagwirira ntchito m'nyumbamo zaka khumi ndi ziwiri, wosatolapo ngakhale singano. Akanati kwabedwa, anthu akanayamba kuloza ndani? Anang'amba pepala limene anayamba kulembapo.

M'mawa mwake anasuntha wadirobu, nakulunga chithunzi chija m'chitenje. Anakwera minibasi ya ku Blantyre atachifungatira ngati mwana wodwala. Njira yonse mawu a wojambula uja ankawamva kale m'mutu: kuti anapereka ntchito yawo kwa munthu wosadziwa kanthu.

Anawapeza Mai Chiwalo kuseri kwa nyumba, pansi pa shedi, manja ali utoto wokhawokha. Moni atatha, a Matekenya sanazungulire. Anamasula chitenje nafotokoza zonse, za sopo, za parafini, za mafoni osayankhidwa, ndi za bodza limene anatsala pang'ono kulemba.

Mai Chiwalo anatengera chithunzicho padzuwa. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anakanda pang'ono ndi chikhadabo, nanunkhiza chala.

"Bambo, penti iyi ndi yanji?"

"Ya chitseko, mayi."

Mai Chiwalo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono. Atatha anawafotokozera kuti penti ya chitseko inangokhala pamwamba, imachoka. Parafini anadya utoto, koma nsalu ya chithunzicho inali yolimba, ndipo mizere yoyamba ya nkhope inali ikadalipo pansi pake. Mzimayi wa pachithunzipo anali azakhali a Mai Chiwalo. Nkhope imeneyo akanaijambula ngakhale atatsinzina.

"Mukanabwera sabata yomweyo, ikanakhala ntchito ya tsiku limodzi," anatero. "Pano penti yauma, nditenga mwezi. Koma itheka. Chimene chinkandiwawa ine n'kukhala chete kwanu. Ndinkayesa ndinakulakwirani."

Anawonjeza kuti zithunzi zawo zambiri zili m'zipinda zokhoma, zokulungidwa m'mapulasitiki, ndipo eni ake sakumbukira n'komwe zimene zinajambulidwapo. Ichi chinada ndi utsi chifukwa chinkakhala ndi anthu.

A Matekenya anapuma mpweya wautali. Mapewa amene anali ataumirira kwa zaka ziwiri anagwa. Apo m'pamene anazindikira kuti sanadye kanthu kuyambira dzulo lake. Mai Chiwalo anawapatsa chinangwa chophika ndi tiyi, ndipo anadya mbale yonse, akuonerera mwini ntchito akunyowetsa thonje ndi mankhwala, kuyamba kusungunula penti ya chitseko pang'onopang'ono.

Mwezi utatha chionetsero chinatsegulidwa. Okonda zithunzi anaunjikana pa mzimayi wodikira basi. Amene anali ndi maso akuthwa anaona kuti utoto wa patsaya unali watsopano, nafunsa. A Matekenya anawauza okha, osabisa kanthu, ndipo mmodzi mwa omverawo anawakokera pambali n'kuwanong'oneza kuti nayenso ali ndi chake chong'ambika pansi pa bedi.

Tsono inu amene mukundimva, aliyense wa ife anapatsidwa chinthu chokongola kuti asunge, kaya ndi banja, kaya ubwenzi, kaya dzina labwino. Ambiri tinachiwononga, ena tikuyesa kuchikonza. Kuwononga kumatenga mphindi. Chimene chimadya zaka ndi kubisa. Ndipo bodza lobisira silifa lokha, limagwera wosalakwa. Musadikire kalata. Nyamulani chowonongekacho mupite nacho kwa mwini wake, kaya ndi m'bale wanu, kaya ndi Mlengi amene anakuumbani. Mwina mukakalipiridwa, mwina ntchito ikatenga nthawi. Koma amene anapanga chinthu amadziwa zimene zatsala pansi pake, ndipo nthawi zambiri amakhala akukudikirani.