Dzanja la pa Chitunda cha Manda

Bambo Goliati a ku Tsangano ankalima kachewere kudimba, ndipo njira yobwerera kwawo inkakwera chitunda chodutsa m'mbali mwa manda. M'mandamo munagona mkulu wawo Obed, amene anamwalira awiriwo asakulankhulana chifukwa cha malire a munda. Pamaliro pake Goliati sanapondepo.

Tsiku lina masana, thumba lili paphewa, atangofika pamandapo anamva ngati dzanja lawafinya m'chifuwa. Ululu unakwera kunsagwada n'kutsikira kumkono wamanzere. Atatula thumba n'kupuma pang'ono, dzanjalo linawasiya. Mawa lake zomwezo, pamalo pomwepo, mitengo ili zii, popanda ngakhale mbalame yolira.

"Ndi achimwene," anauza mkazi wawo Lufina monong'ona. "Akundigwira."

Lufina anaitana Zione, mwana wa mlongo wa Goliati, yemwe ndi namwino.

"Malume, si manda ayi, ndi chitunda," anatero Zione. "Mtima nawonso umadya magazi kudzera m'timitsempha take. Timitsemphato tikachepa njira ndi mafuta, pokwera mtunda mtima umafuna magazi ambiri koma osawapeza, ndiye umalira. Mukapuma umatonthola. Tiyeni kuchipatala timitsemphato tisanatsekeke."

"Iwe mwana wadzana, Obed unkamudziwa?" anayankha Goliati.

Nkhutukumve uja anakasesa manda a mkulu wake, anagwada, anapepesa mpaka misozi. Kenako anasintha njira, n'kumazungulira kutali. Koma dzanja lija linawatsata. Poyamba linawagwira pamlatho. Patapita sabata, pakhola la ng'ombe. Kenako pakhomo penipeni, atangonyamula khasu. Ine zimandimvetsa chisoni kuti munthu ankawerenga bwinobwino mmene chinthucho chikuyandikirira, koma osafunsa chimene chikunena.

Lamlungu m'mawa, atakhala pampando kudikira madzi osamba, dzanjalo linabwera osachokanso.

"Alowa m'nyumba," anatero, maso ali kuchitseko. Kuchitsekoko kunalibe munthu.

Zione atafika anawapeza ali thukuta kamukamu koma akuzizira ngati mwala wa m'madzi. Milomo inali itatuwa. Anawagwira pamkono, mtsempha ukungonjenjemera chapatali ngati ulusi. Mtima wovulalawo unali utalephera kukankha magazi, ndipo thupi linali litayamba kumana manja ndi miyendo kuti lisungire mutu.

"Pezani galimoto msanga!" anakuwa.

Galimoto isanafike, Goliati anagwetsa mutu. Zione anawagoneka pansi n'kuyamba kuwapsinja pachifuwa mwamphamvu, osalekeza, mpaka mikono yake inafooka. Mtima sunayankhe.

Tsiku loika maliro, anyamata asanu ndi mmodzi amphamvu zawo ananyamula bokosi kukwera chitunda chija. Atafika pamalo paja, onse anaima, akupumira m'mwamba, n'kupempha anzawo awalandire. Lufina anaona zimenezo, anayang'ana kutsetsereko kumene anachokera, ndipo anagwira pakamwa.

"Chinali chitunda," anatero.

Anawaika pafupi ndi Obed, amene sanawagwirepo n'kamodzi komwe. Chimene chinkawafinya nthawi yonseyo chinali mtima wawo womwe, ukuwachenjeza nthawi ikadalipo, ndipo iwo anauthawa ngati mdani. Wakutsina khutu ndi mnansi.