Nkhukundembo ya Masese

Wallahi, zimene ndikunenazi ndi zoona zokhazokha. Ndikanamapo liwu limodzi, mano anga otsalawa agwe lero lomwe.

Che Jafali a ku Ntaja anafika kwa Shehe Mtalika, mphunzitsi wa pamadrasa, swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, itangotha, atamangirira nkhukundembo pakaliyala. Nkhukundembo yake inali ngati thole, moti matayala a njinga anachita kuphwa.

"Salamu aleikumu, a Shehe."

"Wa aleikumu salamu, Che Jafali. Khalani pamkekapa. Kunyumba kuli bwanji?"

Che Jafali anali munthu wonyada, koma tsikulo mawu ankawathawa. "Akunyumba, Abiti Selemani, chichirireni mwana sakupeza mphamvu. Kuchipatala ati magazi achepa, azidya zanyama. Ndabwera kuti mundizingire mbalameyi ndi dzanja lanu. Yonona chonchi simungaipeze Machinga yense."

Shehe anaisisita pachifuwa, nanunkhiza nthenga zake. "Yanonadi. Kodi imadya chiyani?"

Che Jafali anayang'ana pansi. Gaga anali atatha kalekale kwawo, ndipo nkhukundemboyo inkaswera kuseri kwa nyumba ya mayi wina wofulula mowa, kudya masese ndi zapadzala. Kunama pamaso pa Shehe sakanatha, ndiye anaulula.

"Mwachita bwino kunena," anatero Shehe mofatsa. "Chimene mbalame yadya n'chimene chimasanduka mnofu wake. Gwirani apa, ndi mafuta okhaokha, ndipo wodwala wanu akufunika mnofu. Komanso chiweto chozolowera zonyansa timayamba tachitsekera, n'kumachidyetsa zabwino mpaka fungo lithe."

"A Shehe, iwo aja sangadikire. Dzulo anagwa ndi chizungulire pachitsime, mwana ali kumbuyo." Che Jafali anapukuta m'maso ndi chisoti. "Ndilibe china choti ndiwapatse."

Shehe anaimirira. Anapita kukhola kwawo n'kubwera ndi nkhukundembo ina, yocheperapo koma yolimba ngati mwala.

"Iyi imadya gaga wosakaniza ndi soya wokazinga, fumbi la usipa ndi masamba a bonongwe. Ana a pamadrasa amaitoleranso chiswe. Ndiizinga pompano. Chiwindi mukayambe kuwapatsa akunyumbawo."

Nkhope ya Che Jafali inauma. "Pepani, a Shehe, ine sindinabwere kudzapempha."

"Ndani wati mwapempha, m'bale wanga? Tikusinthana. Yanuyi ndi yaikulu kuposa yanga, ndiye wodyerera mnzake ndine, Allah andikhululukire. Ikhale m'khola mwanga iphunzire kudya bwino. Inu fulumirani dzuwa lisanalowe. Mayi akadya lero, mawa mwana ayamwa soya ndi bonongwe yense uja."

Che Jafali anangogwira dzanja la Shehe ndi manja awiri.

Mwezi usanathe Abiti Selemani anasinja chimanga mpaka mtondo kung'ambika pakati, ndipo mwana uja ananenepa moti ankamunyamula anthu awiri.

Tsono Che Duwa, telala wa pamsika, akuti nkhukundembo yonga thole singakwere njinga. Zamkutu. Iwowo analipo? Njingayo ilipo mpaka lero kwa Che Jafali, apite akaone m'mene kaliyala yake inapindikira.