Mahari a Asiyatu Pamphuno pa Malume

Mtsikana wa mbumba ya Che Mkwanda akamakwatiwa, mahari, mphatso imene mkwatibwi amatchula kuti mkwati amupatse, ankalowa m'nyumba mwa malumewo. Shehe akawakumbutsa kuti mahari ndi a mkwatibwi, iwo ankati, "Ndi akedi. Ine ndimangomusungira." Mbuzi za mahari a Patuma, mkulu wake wa Asiyatu, anazisunga mpaka zinathera mumphika.

Itakwana nthawi ya Asiyatu, telala wovutika maso, malume anamuitana. "Utchule chinthu chodula, wamva? Ndipo chifikire m'manja mwanga."

Pa nikahi, mwambo womanga ukwati, Asiyatu anatchula magalasi a maso, oyezetsa kuchipatala. Mwamuna wake anamugulira okhuthala kwabasi, malume n'kuwalanda tsiku lomwelo.

"Koma malume," anatero Asiyatu atagwada, "magalasi akakhala m'bokosi amatha mphamvu. Wosunga aziwavala."

Lachisanu Che Mkwanda anawavala kuti mudzi uone. Njira inapendekeka, mitengo inayamba kuvina, koma munthu wamkulu anangolimba nazo. Pochokera kumzikiti anaona mayi pachitsime, namuyesa mkazi wawo. Anamugwira dzanja n'kumukoka. "Tiye kunyumba iwe, wandisowa kuyambira m'mawa."

Anali apongozi awo.

Pachitsime anthu anafa nacho chiphwete. Mlanduwo unawadyera mbuzi.

Madzulo ake anafika okha kwa Asiyatu, magalasi ali m'manja. "Tenga zinthu zako. Shehe amanena zoona, mahari ndi a mkazi."

Asiyatu analandira ndi manja awiri. "Zikomo, malume. Paja za mbuzi za Patuma Shehe ananenanso chimodzimodzi."