Minga ya Nungu Pansi pa Mwala

Kalekale, chaka chomwe mitsinje idaphwa n'kutsala mchenga wokhawokha, misulu isanu idayambitsa ntchito yokumba zitsime padambo. Lamulo lidali limodzi: wokumba ndiye wakumwa. Nungu, ludzu litamufika pakhosi, adapita kukapempha ntchito. Msulu wamkulu adamulemba tsiku lomwelo, poti pa zokumba Nungu adalibe mnzake.

Koma misuluyo idali ndi mwambo wake. M'mawa uliwonse, isanakhudze dothi, inkaunjikana, kukumbatirana, n'kuimba:

"Thupi ku thupi, thupi ku thupi,
pano ndi pabanja!"

Tsiku loyamba Nungu adalowa pakati. Kudangomveka "Mayo!" uku, "Mayo!" uko. Tsiku lachiwiri adaima patali, kuopa kubaya anzake. Manong'onong'o adayamba: "Amenewa ndi odzimva."

Msulu wamkulu adamuitanira pambali. "A Nungu, ntchito yanu ilibe banga. Koma anzanu akudandaula. Kuno sitikhala payekhapayekha."

"Nanga minga yangayi, bwana?"

"Ndinu aakulu inu, muona chochita."

Adatero akuthamangira ku chitsime. Zofunsa kuti mingayo ndi ya ntchito yanji, nthawi yake akadaitenga kuti, bwana wotanganidwa chotere?

Nungu adaonadi chochita. Ankazembera kuseri kwa chulu, kuzula minga ndi mano umodziumodzi, n'kuibisa pansi pa mwala. Zinkapweteka zedi, koma ludzu ankaliopa kuposa ululu. Pasanathe mlungu, msana wake udali see.

"Thupi ku thupi, thupi ku thupi,
pano ndi pabanja!"

"Tsopano ndinu wathuwathu!" idatero misulu. Nungu adakondwa, inde, poti chibadwire adali asanakumbatiridwepo. Koma kamphepo kakangomukhudza pamsana, ankachita mantha.

Kenaka madzi adatuluka. Fungo lake lidafalikira dambo lonse, ndipo dzuwa lili paliwombo Kambuku adatulukira. Misulu idathawira m'mauna ake, zii. Nungu adayesa una uwu, adayesa uwo, onse adamuchepera. Ndiye adachita zomwe adamuphunzitsa mayi ake: adatembenuzira mdani msana, nadzigwedeza mwamphamvu kuti minga ilire.

Palibe chidalira.

Kambuku atachoka ndi nyama yake, Nungu uja, misulu idatuluka. Msulu wamkulu adafuna chovundikirira chitsime, nagubuduza mwala wa kuseri kwa chulu uja. Pansi pake padali minga, yosanjidwa bwinobwino, uliwonse uli ndi magazi ouma kutsinde. Adakhala pansi n'kulira, poti adadziwa kuti mawu amene adazula mingayo adali ake.

M'mawa mwake misulu idaunjikana monga mwa masiku onse, koma palibe adayambitsa nyimbo.

Ana inu, mukalandira mnzanu pantchito, musanamuuze kuti asinthe, yambani mwamufunsa kuti chimene chikukubayanicho chimamuteteza ku chiyani.