Mpando Wothyoka Mwendo M'kanjira ka Njinga

Kophikira buledi uvuni unkazima mbandakucha, ndipo pofika nthawi imeneyo Tsabola amakhala atamanga kale matileyi asanu a buledi pakeliyala ya njinga yake. Dzinalo anamupatsa ndi anzake apantchito, poti mtima wake unali wapachala.

Tauni yawo inkadzitama kuti ndi ya njinga. Kanjira kake kanalipo ndithu, kopakidwa penti wobiriwira. Koma wagalimoto ankaimikamo, wagolosale ankaikamo chikwangwani, wina n'kutsegula chitseko cha galimoto osacheuka, ngati wapanjinga ndi ntchentche. Tsabola ankalimbana nawo onsewa, ndipo tinene chilungamo, nthawi zambiri sankalakwa.

Ndiye kunabwera za mpando. Pakhomo pa telala wina, pomwe kanjirako kamatsetsereka, panali mpando wothyoka mwendo pakati penipeni. Tsiku loyamba Tsabola anaukankhira kumbali ndi phazi. M'mawa mwake anaupeza wabwerera. Nthawi imene iye ankadutsa, telalayo amakhala asanatsegule, ndipo zomudikira Tsabola analibe nazo ntchito. Tsiku lachitatu anaukweza pamwamba pa matileyi n'kukauponya kudzala. Pansi pake sanaonepo chachilendo. Panali chitsulo cha mipatamipata chovindikira ngalande, chomwe matayala onenepa a njinga yake yakatundu ankangochiponda osamva kanthu.

Patapita masiku awiri, mkazi wake, yemwe anali ndi pakati pa miyezi isanu, ankapita kusikelo pa kanjinga kake ka matayala owonda. Tsabola anali atatsiriza kugawa buledi, choncho anamuperekeza, iye patsogolo.

"Lero muona, mayi. Njira yonseyi ndinaisesa ine," anatero monyada.

Pamtsetse paja mpando panalibe, koma panaima munthu: telala uja, tepi yoyezera ili m'khosi, akukupiza nsalu yofiira. Tsabola anafinya mabuleki mpaka tayala linalira. Mkazi wake anaima pambuyo pake.

"Inu achikulire! Dzana mpando, lero mwadziikapo nokha? Kapena msewuwu anakusiyirani amalume anu?"

"Oho, wakuba mipando uja ndiwe?" anatero telala. "Tandibwerekani njinga yanuyo, mayi."

Anaigwira pamahandulo n'kuikankhira pang'onopang'ono pachitsulo chija. Tayala lakutsogolo linangoti lowu mumpata, n'kukanirira momwemo. Mipatayo inagona motsata njira, osati mopingasa.

"Apatu ndikukankha ndi manja. Nanga munthu akubwera ndi liwiro la mtsetsewu?" Telala anakweza mlomo wake ndi chala. Mano awiri akutsogolo kunalibe. "Awa anatsala pomwepa chaka chatha. Akhonsolo ndawalembera kanayi, akuti akubwera. Kaya akwera nkhono. Chichotsere iwe mpando uja, ndikumaima pano nthawi yonse imene anthu amathamangira kuntchito, madiresi a eni ake ali mbwee pamakina."

Mkazi wa Tsabola anaika dzanja pamimba, maso ali pa tayala lomiralo.

"Kusesa kwanu kuja n'kumeneku, bambo?"

Tsabola anayang'ana matayala onenepa a njinga yake. Iye akanadutsa bwinobwino akuliza belu, mkazi wake akumutsatira mosakayika.

"Bambo," anatero Tsabola kwa telala, mawu atatsika, "ndinakulakwirani. Mwandipulumutsira anthu awiri."

"Ukanangogogoda, mwanawe. Kufunsa salipira."

"Pitani mukasoke. Nsaluyo ndipatseni."

Telala anathandiza mayiyo kuzula njinga, ndipo anapitiriza ulendo wake wakusikelo akuikankha. Tsabola anatsala chilili pachitsulo paja. Sipanapite nthawi, kunatulukira wina pa njinga yampikisano, mutu ali pansi.

"Choka apo, chitsiru iwe! Njira ndi ya amako?"

Tsiku lina lililonse Tsabola akanamuthamangitsa mpaka kumugwira pakolala. Koma apa anangokupiza nsalu, munthuyo n'kukhota akutukwanabe, mano ake onse ali m'kamwa. Telala anasuzumira pawindo.

"Zoloŵera, mwanawe. Ine ndatukwanidwa chaka chathunthu."

Masana Tsabola anakagogoda kukhonsolo, ndipo kumeneko ukali wake unagwera poyenera. Pobwerera anadzera kwa telala ndi malofu awiri a buledi komanso mgolo wopaka penti woyera, womwe anauimika pachitsulopo.

Sikuti aliyense wokuimira panjira ndi mdani. Ena amakutchinga chifukwa anagwapo kale, ndipo sakufuna kuti nawe ukagwe. Wakutsina khutu ndi mnansi.